Kasitima kathu kanakana kumira, ndipo vuto linali pomwepo

Lipotili ndi la ntchito imodzi yomwe ndinatsogolera m'dziwe loyesera sitima pa yunivesite ina kuno ku Britain, komwe ndine injiniya wa kafukufuku. Dzina la sitimayo, eni ake ndi la yunivesite sinditchula, chifukwa cholakwika chomwe ndifotokoze chinali changa, osati chawo. Ndalembera makamaka achinyamata akwathu omwe akuphunzira uinjiniya ndipo amandifunsa kuti m'dziwemo timachitamo chiyani tsiku lonse, anthu akuluakulu kumaseweretsa tizidole toyandama.

Ntchito yomwe tinapatsidwa

Sitimayo ndi ya mtundu wa ro-ro, yonyamula anthu ndi galimoto, yomwe malole amalowamo okha ndi kutulukamo okha kudzera pa zitseko zikuluzikulu za kutsogolo ndi kumbuyo. Ndi yakale ndithu, yotalika pafupifupi mamita 120. Eni ake ankafuna kuisamutsira ku njira ina komwe nyanja imawinduka kwambiri kuposa komwe inkayenda. Mainjiniya awo atawerengetsa, anapeza kuti kumeneko sikwanitsa lamulo la madzi a pa deki ya galimoto, bwalo lalikulu la m'kati mwa sitima momwe galimoto zimaimikidwa. Anatsala ndi njira zitatu: kumanga zipupa zodula dekiyo pakati, zomwe zimachedwetsa kulowa kwa malole padoko, kuwotcherera matumba achitsulo m'nthiti mwa sitima kuti ikule m'mbali, zomwe zimadya ndalama ndi mafuta, kapena kupanga kasitima kofanana nayo ndendende, kukaboola, kukaika m'mafunde, n'kuonetsa kuti sikagubuduzika. Lamulo limalola njira yachitatuyi m'malo mwa masamu. Ndiyo inawabweretsa kwa ife, ndipo sanabise kuti ankayembekezera kumva kuti sitima yawo ili bwino momwe ilili.

Chifukwa chake deki ya galimoto imatisowetsa tulo

Amene anasenzapo madzi amadziwa kale theka la phunziroli. Chigubu chodzaza mpaka pakamwa chimakhazikika pamutu. Beseni lalikulu la madzi atheka limakupinda khosi, chifukwa ukangopendeka pang'ono madzi onse amathamangira komwe wapendekera, n'kukukokera komweko. Amayi anga ku Nkhata Bay ankathyola masamba n'kuwaika pamwamba pa madzi mundowa, ndipo ine ndinadzapeza masamu a zomwe ankachitazo nditakula kale, m'kalasi yozizira ya kuno. Mphamvu yogwetsa ya madzi oyendayendawa siidalira kwenikweni kuchuluka kwake. Imadalira kukula kwa malo omwe akuyendamo, makamaka m'lifupi: timatenga utali, kuchulukitsa ndi lifupi katatu, n'kugawa ndi 12. Mukawirikiza lifupi, vuto limakula kasanu n'katatu. Mukadula malowo pakati ndi chipupa chotsata utali wa sitima, vuto limatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Tsono tiyerekeze deki yotalika mamita 100, lifupi mamita 20, yopanda chotchinga chilichonse chifukwa malole amafuna kudutsa. Madzi ofika theka la mita, osafika n'komwe m'mawondo mwa munthu wamtali, ndi matani oposa 1,000. Ndipo sakhala chogona pamalo amodzi. Sitima ikapendeka pang'ono, onsewo amakaunjikana mbali imodzi, pamwamba, pomwe kulemera kumaopsa kwambiri. Sitima wamba ikabooka imamira pang'onopang'ono ili chiimire, anthu n'kupeza nthawi yotsitsa maboti. Ro-ro ikalowa madzi pa deki siimira choncho, imagubuduzika.

Izi zinadziwika ndi maliro. Princess Victoria inamira pa 31 Januwale 1953 pakati pa Stranraer ndi Larne, mafunde atathyola zitseko zake za kumbuyo, ndipo anthu oposa 130 anafa. Pa 6 Malichi 1987 Herald of Free Enterprise inanyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium kupita ku Dover zitseko za kutsogolo zili zotsekula. Woyenera kutseka anali m'tulo, ndipo kaputeni analibe nyali ngakhale imodzi yomuuza ngati zitseko zatsekedwa, ngakhale makaputeni ena a kampaniyo anali atapemphapo kale nyali zotero. Mphuno ya sitima inali yotsika chifukwa anali atapopera madzi m'matanki a kutsogolo kuti deki yapamwamba ifikire mlatho wokwezera galimoto wa padokopo. Itayamba kuthamanga, funde la pamphuno linakwera n'kulowa. Inagubuduzika m'masekondi pafupifupi 90, n'kugona chammbali pamchenga m'madzi osaya, ndipo anthu 193 anafa. Chikhala kuti pamalopo panali pakuya, chiwerengero chikanaposa pamenepo. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, usiku wa pa 28 Sepitembala 1994, Estonia ikuchokera ku Tallinn kupita ku Stockholm, chivundikiro cha pamphuno cholemera matani oposa 50 chinathothoka m'mafunde n'kukoka mlatho wa galimoto womwe unali chitseko chamkati. Mwa anthu 989, anapulumuka 137. Ola silinakwane sitimayo isanamire.

Ngozi ya Estonia ndi yomwe inabala lamulo lomwe tinkayesa. M'chaka cha 1996 mayiko a kumpoto chakumadzulo kwa Ulaya anagwirizana pa zomwe timazitcha Stockholm Agreement, ndipo mu 2003 European Union inazisandutsa lamulo lake. Mfundo yake ndi yakuti sitima yobooka kale iyenera kupirirabe madzi ena pa deki ya galimoto. Kuchuluka kwa madziwo kumatengera zinthu ziwiri. Choyamba ndi mpata wotsala pakati pa nyanja ndi deki pamalo pobookapo, womwe pantchito timautcha freeboard: ukakhala mamita 0.3 kapena kucheperapo, timawerengera madzi a theka la mita. Ukafika mamita 2, sitiwerengera madzi konse. Chachiwiri ndi mafunde a njira yomwe sitima imayendamo, kuyambira mamita 1.5 mpaka mamita 4. Manambalawa sanagwe kumwamba. Kumbuyo kwawo kuli zaka za kuyesa tisitima m'maiwe a ku Britain, Denmark, Sweden, Netherlands ndi Norway, ndiponso ntchito ya magulu a m'mayunivesite monga la Dracos Vassalos ku Strathclyde mu mzinda wa Glasgow, lomwe linaonetsa kuti madzi a pa deki amaunjikana mpaka kukwera kuposa nyanja ya kunja, chifukwa mafunde amawapopera mkati msanga kuposa momwe angatulukire.

Momwe tinakonzera kasitima

Tinakapanga pa sikelo ya 1:40, kotero kanatalika mamita 3. Malamulo ochepetsera sitima anachokera kwa William Froude, yemwe anamanga dziwe loyamba la mtunduwu ku Torquay kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870. Dziwe la kampani ya Denny ku Dumbarton, la m'ma 1880, likadalipo ndipo anthu amakaliona. Nditapitako ndinakumbukira kuti Ilala yomwe ndinkakwera ndili mwana inapangidwa kumtunda kwa mtsinje womwewo wa Clyde, ku Scotstoun, mu 1949, n'kubwera kwathu zidutswazidutswa. Koma tisapite kutali.

Pa sikelo imeneyi, milimita imodzi pa kasitima ndi masentimita 4 pa sitima yeniyeni. Funde la mamita 4 limasanduka la masentimita 10. Theka la mita lija la madzi ndi mamilimita 12.5. Kulemera kumachepa ka 64,000, ndiye kuti madzi odzaza kapu ya tiyi oiwalika pakona ndi matani 16. Nthawi nayo imathamanga: mphindi 30 za panyanja ndi mphindi 4 ndi masekondi 45 m'dziwe. Amene manja ake sakhazikika, ntchitoyi si yake.

Mmisiri wathu anaumba thupi lake ndi fibreglass, makoma opyapyala osapitirira mamilimita 4 m'zipinda zolowa madzi, ndipo deki yapamwamba inali yoonekera kuti makamera aziona madzi akuyenda mkati. Bowo tinalidula monga imanenera SOLAS, pangano la mayiko la chitetezo cha anthu panyanja: utali wa mamita 3 kuwonjezerapo 3 peresenti ya utali wa sitima, kulowa mkati gawo limodzi mwa magawo asanu a lifupi. Kwa ife anali mamita 6.6, kapena mamilimita 165 pa kasitima, pamalire a chipinda cha injini ndi choyandikana nacho, pomwe masamu anati m'poipitsitsa. Tinakhala masiku awiri tikusuntha tizitsulo tolemera kuti pakati pa kulemera pakhale pomwe pali pa sitima yeniyeni. Tinatsimikiza ndi njira yakale ija: kusuntha chitsulo chodziwika kulemera kuchoka mbali ina kupita ina, kuwerenga momwe kasitima kapendekera, n'kupeza GM, muyeso wa mphamvu ya sitima yodziwongola yokha. Zonsezi tinachita bowo lili lotseka, ndipo zinagwirizana ndi mapepala a eni sitima. Ndikunena izi kuti muone kuti sitinali osasamala paliponse. Tinasamala kwambiri pa kasitima kabwinobwino, n'kulekerera pa kasitima kobooka.

Kuyesa kwenikweni n'kosavuta kufotokoza. Kasitima timakaika chopingasa, bowo litayang'ana komwe mafunde akuchokera, osakamangirira, kuti kazitengedwa ndi mafunde monga sitima yozima injini. Makina amapanga mafunde osalongosoka a mtundu wa JONSWAP, ofanana ndi a North Sea. Pamafunika maulendo osachepera 10, uliwonse ndi mndandanda wakewake wa mafunde, uliwonse wofanana ndi mphindi 30. Kakapendeka kupitirira madigiri 30, kapena kukhala chopendekeka kupitirira madigiri 20 kwa mphindi zitatu, timalemba kuti kagubuduzika. Pakati pa maulendo timadikira kuti madzi a m'dziwe ate kugwedezeka, timapukuta deki ndi siponji, timadikiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yoyamba, ndi semina ya Lachitatu

Kanapirira maulendo onse 10 pa mafunde a mamita 4. Madzi ankalowa pa deki, kuzungulira, n'kutulukanso pabowo. Nthawi zina kankapendeka mpaka mtima kudumpha, koma kankadzuka. Wophunzira wa PhD yemwe ndinkagwira naye ntchito sanasangalale, chifukwa pulogalamu yake ya pakompyuta inkanena kuti kayenera kugubuduzika. Ine ndinamuuza kuti alakwitsa ndi iyeyo. Ndinali ndi chifukwa: mapulogalamu otere amadalira kanambala koyerekeza momwe madzi amadutsira pabowo, kawirikawiri 0.6, ndipo magulu a m'mayiko osiyanasiyana akapatsidwa sitima imodzi kuti aiwerengetse, mayankho awo samafanana. Dziwe ndiye mkulu wa bwalo, ndinatero. Ndinalembera eni sitima kuti zinthu zikuoneka bwino, ndipo ndimamvabe manyazi ndikakumbukira imelo imeneyo.

Dipatimenti yathu imakhala ndi semina Lachitatu lililonse masana. Amafikapo ophunzira, aphunzitsi, ndi anthu awiri atatu ochokera ku makampani. Kunena zoona masemina ambiri ndi otopetsa, munthu amaonetsa zithunzi 40 za mizere yamitundumitundu anthu akuganiza za tiyi. Koma lamulo la a pulofesa athu n'lakuti zotsatira zisatuluke pakhomo zisanadutse m'chipinda chimenecho, ndipo sabata imeneyo inali yanga.

Kumbuyo kumakhala mkulu wina wopuma pantchito, yemwe anakhala chifu injiniya pa sitima zonyamula galimoto zaka zambiri. Salemba kanthu, ndipo masamu athu ambiri amati sawatsata. Nditaonetsa vidiyo ya ulendo woyamba, anakweza dzanja.

"Tabwezani pang'ono vidiyoyo. Pamenepo, mafunde asanayambe. Imitsani."

Ndinaimitsa. Kasitima kanali phee m'madzi odekha, bowo litatsekulidwa kale.

"Freeboard mwalemba pa tebulo lanu lija, munaiyeza ndi rula kapena yachokera mu kompyuta?"

Ndinayankha kuti yachokera m'masamu a sitima yobooka, omwe ndi odalirika.

"Masamuwo sindikuwakana. Koma mzere wofiira munajambula m'nthitimo si ndiwo uyenera kukhudza madzi? Ine ndikuuona uli pamwamba."

Ndinayandikira pa sikirini. Pakati pa mzere ndi madzi panali kampata koyera, kopyapyala ngati chikhadabo. Ndinangoti kakasi. Vidiyo imeneyo ndinali nditaiona mwina kakhumi, koma maso anga ankathamangira ku mafunde. Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse rula. A pulofesa sanandidzudzule, anangoti, "Mawa mmawa tonse ku dziwe." Wophunzira uja anayang'ana pansi, koma ndinaona kuti akudziletsa kumwetulira.

Tinapeza mamilimita 3. Pa sitima yeniyeni ndi masentimita 12 a freeboard omwe kulibe. Chifukwa chake tinachipeza titazondotsa kasitima pa benchi. Pafupi ndi chipinda cha injini, mbali yobookayo, pali kachipinda ka mapampu komwe madzi amalowera pa khomo la m'munsi, mpweya n'kutulukira pa kapaipi ka pamwamba. Pomata deki, guluu anatsikira m'kapaipiko n'kuuma. Mmisiri anafuna kusenza mlandu, koma woyenera kupemerera m'kapaipi kalikonse asanasainire pepala ndinali ine. Kachipindako kanalowa madzi pang'ono pansi, kwinako kunali mpweya, ndipo kanasanduka choyandamitsa chobisika pamalo penipeni pomwe kasitima kankafunira thandizo.

Wina anganene kuti pa sitima yeniyeni mpweya umathanso kutsekeredwa. Inde, koma sufanana. Tengani kapu, muizondotse, muiviike mundowa: madzi salowa, chifukwa madzi a mundowa alibe mphamvu yopanikiza mpweya. Chipinda chomwe chili mamita 5 pansi pa nyanja, mpweya wake umapanikizika n'kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a malo ake, ndipo makoma wamba, zitseko ndi mapaipi zimayamba kudontha kapena kuthyoka. Pa kasitima, mamita 5 ndi masentimita 12.5, ndipo mpweya umangopanikizika ndi 1 peresenti yokha. Froude anatithandiza kuchepetsa mafunde, kulemera ndi nthawi, koma mpweya wa m'chipinda chomwe tikuyeseramo sitingauchepetse. N'chifukwa chake mapaipi a mpweya pa kasitima timawakuza dala kuposa sikelo. Ife tinali ndi kamodzi kotsekeka kotheratu.

Kuyesanso

Tinaboola kapaipi katsopano, tinayesanso GM, ndipo ulendo uno tinayeza freeboard ndi rula yachitsulo m'malo anayi, anthu awiri aliyense payekha. Kasitima kanakhala pa mzere wofiira.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri kanapirira. Wachitatu kanagubuduzika, ndipo ndikufuna kufotokoza momwe zinachitikira chifukwa sizifanana ndi zomwe anthu amaganiza. Si funde limodzi lalikulu lomwe linakagwetsa. Panabwera gulu la mafunde anayi kapena asanu otsatizana, lililonse likuthira madzi pa deki lisanatuluke la mnzake. Sitimayi ili ndi chipupa chachitali pakati pa deki, momwe mumadutsa masitepe ndi mapaipi a utsi, ndipo madzi anatsekeredwa pakati pa chipupacho ndi mbali yobooka. Kasitima kanapendekera kubowo n'kusiya kugwedezeka kwambiri. Kanaoneka ngati kadekha. Kudekha kumeneko ndiko koopsa: m'mphepete mwa deki munali mutamira, ndipo funde lililonse, ngakhale laling'ono, linkawonjezera pang'ono. Kanakhala choncho masekondi angapo, kenako kanapitirira mwakachetechete, popanda phokoso, mpaka tinaona kunsi kwake. Mmisiri analowa m'madzi ndi nsapato zake zazitali kukakatola makamera asananyowe. Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri zinachitikanso chimodzimodzi.

Pamenepa lamulo linali litayankha kale: ulendo umodzi wogubuduzika ndi kulephera. Koma tinapitiriza, tikutsitsa mafunde pang'onopang'ono kuti tipeze malire. Malirewo si mzere. Pansi pali mafunde omwe kasitima sikagubuduzika konse, pamwamba pali omwe kamagubuduzika nthawi zonse, ndipo pakati pali dera lomwe lero kapirira, mawa kagwa, mafunde ali a msinkhu umodzimodzi, kungosiyana ndondomeko yomwe afikira. Tikamati mafunde a mamita 4 sitikutanthauza kuti onse ndi otero. Timatenga gawo limodzi mwa magawo atatu la mafunde aatali kwambiri n'kupeza pakatikati pake, ndipo funde limodzi likhoza kufika pafupifupi kawiri pamenepo. Sitima ya eni athuwa pa mamita 4 inali m'kati mwa dera lokayikitsalo. Pulogalamu ya wophunzira uja inali italoza malo oyenera, ngakhale inkafulumiza nthawi yogubuduzikira. Ndinamupepesa pamaso pa anthu omwewo, Lachitatu lotsatira.

Kenako tinayamba kusintha kasitima. Chipupa chodula deki chopingasa chinathandiza, koma lamulo limafuna kuti chitalike mpaka mamita 4 madzi akakhala theka la mita, ndipo oyendetsa ntchito padoko anakanitsitsa. Chomwe chinagwira ntchito ndi mabokosi otsekeka osalowa madzi otsata m'mbali zonse ziwiri za deki. Amachita ziwiri nthawi imodzi: amachepetsa lifupi lomwe madzi akuyendamo, ndipo sitima ikapendeka, bokosi la mbali yomira limayandamitsa. Tinayesa a misinkhu iwiri. Opyapyala sanakwanire. Okulirapo anapirira maulendo onse 10, koma anadya mzere umodzi wa galimoto, ndipo mzere wa galimoto pa ulendo uliwonse kwa zaka khumi ndi ndalama zomwe ine sindidzaziona m'moyo wanga.

Mkangano wa mphindi 30

Lachisanu lomaliza dziwe linali lathu mpaka madzulo, ndipo ndinachita zomwe sitinapemphedwe. Ndinatenga kasitima kopambana kaja n'kukasiya m'mafunde omwewo kupitirira mphindi 30. Dziwe ndi lalifupi ndipo kasitima kamatengedwa kulowera kumapeto, choncho tinkaimitsa mafunde, kukakokera mmbuyo mosamala madzi a pa deki ali momwemo, n'kuyambanso. Njira imeneyi si yangwiro ndipo ndinalemba choncho. Kawiri kanapirira nthawi yonse yomwe tinali nayo. Kachitatu kanagubuduzika itangopitirira nthawi yofanana ndi ola limodzi.

Woimira eni sitima sanafune kuti izi zilowe mu lipoti. Anati, "Lamulo likuti mphindi 30. Tinakulipirani kuti muyese lamulo, osati kuti mulembe lina." Sanalakwe, ndipo sindikumujambula ngati munthu woipa. Anali atavomera kale kutaya mzere wa galimoto popanda kukangana, ngakhale ndinali nditamulembera kale kuti zonse zili bwino. Nkhawa yake inali yakuti wina woyang'anira akawerenga mawu akuti kanagubuduzika, sawerenganso chiganizo chotsatira.

Mbali yanga inali iyi. SOLAS imafuna kuti maboti onse opulumutsira atsitsidwe m'mphindi 30 kuchokera pomwe kaputeni walamula kuti anthu atuluke. Koma kaputeni salamula pa sekondi yomwe sitima yabooka. Amayamba wafufuza, anthu amadzutsidwa, amasonkhana, ena amabwerera kukatenga ana ndi katundu. Malangizo a IMO, bungwe la United Nations loona za sitima za panyanja, amawerengera mphindi 60 za ntchito yonseyi pa sitima ya ro-ro. Ngati kasitima kathu kangagwe ola litangokwana, kaputeni wa sitimayi ayenera kudziwa kuti sitima yake yapambana mayeso, koma si malo odikirirapo kuti kuche. Ndipo mayesowo amafunsa funso limodzi lokha: bowo ili, pamalo awa, zitseko zonse zotchinga madzi zitatsekedwa, malole osasuntha. Pa Al-Salam Boccaccio 98, yomwe inamira pa Red Sea mu Febuluwale 2006 n'kupha anthu oposa 1,000, kunalibe bowo. Madzi a pa deki anali ozimitsira moto, omwe sanatuluke chifukwa mipopi yotayira madzi inatsekeka. Pa sitima ya Nyerere, pa nyanja ya Victoria mu Sepitembala 2018, anthu oposa 200 anafa pafupi ndi gombe la Ukara sitima yodzaza mopitirira muyeso itapendekera mbali imodzi. Palibe mwa izi chomwe dziwe lathu linafunsidwa. Kwathu Stockholm Agreement siigwira ntchito, ndipo Ilala si ro-ro, koma nyanja yomwe inameza sitima ya Vipya ndi anthu 145 mu Julayi 1946 ndi yomweyo, ndipo boti la matabwa lomwe lili ndi madzi a mvula ofika m'kakolo pansi pa matumba a usipa likumvera masamu a beseni omwewa.

A pulofesa ndi omwe anagamula. Gawo la satifiketi linalembedwa monga lamulo limafunira, popanda kuwonjezera kapena kuchotsa. Maulendo aatali aja analowa m'gawo lapadera la kumapeto, ndi mawu omveka akuti si mbali ya mayeso a lamulo, ndiponso kuti maulendo atatu ndi ochepa kwambiri kuti munthu awerengerepo mwayi wa ngozi. Nkhani ya kapaipi inalowanso, ndi tsiku lake, ndi zotsatira zonse 10 zoyamba zija zitalembedwa kuti n'zosagwiritsidwa ntchito. Woimira eni sitima anawerenga, anapempha kuti tisinthe mawu awiri, ndipo anasaina. Patapita milungu ingapo anatumiza uthenga wopempha vidiyo ya ulendo wachitatu uja kuti akaonetse makaputeni ndi mainjiniya awo, zomwe sindinkayembekezera.

Pomwe ntchitoyi yafika

Mabokosi anawotchereredwa pa sitimayo nthawi yomwe inakwezedwa kukakonzedwa, ndipo ikuyenda pa njira yatsopano ija. Pa pepala lomwe timasaina tisanayambe kuyesa tinawonjezera mizere iwiri: kupemerera m'kapaipi kalikonse deki itamatidwa kale, ndi kuyeza freeboard ndi rula bowo litatsekulidwa, anthu awiri. Wophunzira uja anasintha mutu wa PhD yake, tsopano akufufuza za nthawi yomwe sitima yobooka imatenga isanagubuduzike. Malamulo a SOLAS a 2009 ndi a 2020 anachoka pa bowo limodzi loipitsitsa n'kuyamba kuwerengera mabowo ambirimbiri ndi mwayi wa lililonse, koma funso lakuti anthu ali ndi mphindi zingati likadavutabe. Pulogalamu ya wophunzirayo ikufulumizabe nthawi yogubuduzikira. Tikuganiza kuti vuto lili pa momwe imawerengera madzi otuluka pabowo kasitima kakapendekera kwina, chifukwa m'vidiyo amatuluka ambiri kuposa momwe iyo imanenera.

Eni sitima anatisiyira kasitimako. Mwezi wamawa tikabwezera m'dziwe ndi timalole ta matabwa 30 pa deki, tina tomangidwa, tina tosamangidwa, chifukwa mpaka pano takhala tikuyesa deki yopanda kanthu n'kungowerengera kuti madzi angadzaze 90 peresenti ya malo ake. Mkulu wa kumbuyo uja wapempha kuti adzakhalepo. Akuti malole pa sitima yopendekeka sasuntha limodzilimodzi monga tikukonzera kuwaika, amayamba ndi la pamwamba kugunda la pansi pake, ndipo akufuna adzatiikire yekha.